Mpira Umaponyedwa M'mwamba, Achimwene

Chikamveka, Zomba
14 Ogasiti, 2006

Okondedwa achimwene a Stafford,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti mtima wanga ukuwira chiimbireni foni kwa amayi dzulo. Akuti mwati ndikapepese kwa apongozi anu a Cuthbert chifukwa ndawachititsa manyazi pagulu. Inuyo achimwene? Osayamba mwandifunsa kaye ine?

Ndiye imvani mmene zinayendera. Loweruka ndinaimbira fainolo ya basiketibolo ya atsikana, timu ya ku Likangala ndi timu ya a Cuthbert, omwenso anagula chikho. Akomiti anati powalemekeza, mpira woyamba aponye iwowo kuti ajambulidwe chithunzi, kenaka masewero enieni ndiyambitse ine. Ndinavomera.

Paja munandiphunzitsa ndinu pabwalo lafumbi lija, mphepo ya kuphiri ikutiwomba. Munkati osewera awiri akaima pakati, woimbira aziponya mpira m'mwamba mowongoka, kupitirira pomwe onse angafike, aliyense alumphire yekha. Munkandibwerezetsa mpaka mkono kuwawa.

Nanga a Cuthbert anaponya? Aaa, kuti? Anangoukankhira pachifuwa pa mtsikana wa timu yawo ngati akumupatsira papaya. Sakina wa ku Likangala, mwana woleredwa bwino, anali atapinda mawondo, manja kumbuyo, poti patsogolo pake paima munthu wamkulu. Atsikana a timu ya a Cuthbert liwiro, mpira m'basiketi! A Cuthbert m'manja phuphuphu, akomiti nawonso, wolemba mapointsi n'kulemba awiri.

Ndinaimba wenzulo n'kunena kuti, "Pepani bambo, masewero sanayambe."

Iwo amvekere, "Iwe mwana, ukudziwa kuti chikhochi ndagula ndine?"

Ndinati, "Ndikudziwa bambo, koma mpira umaponyedwa m'mwamba."

Basi, mawu anga onse ndi amenewo. Kuti anthu anaseka, ndiye mlandu ukhale wanga? Ndinaponya bwinobwino, masewero n'kuyamba, ndipo Likangala inapambana ndi pointsi imodzi.

Tsopano akomiti akuti ndine wamwano. Akuti Loweruka likubwerali ndikagwade kunyumba kwa a Cuthbert n'kuvomera kuti basiketi ija inali yoona, chikho chipite kwa timu yawo. Apo ayi, achotsa dzina langa pa opita ku maphunziro a oimbira ku Blantyre. Mukudziwa mmene ndawadikirira maphunziro amenewa, ndipo ndikaganiza zowataya tulo sindikuona. Kugwada sindikukana, ndi aakulu. Koma ndikalande chikho m'manja mwa ana oti anachivinira kuchokera kubwalo mpaka kumsika, ena opanda ndi nsapato zomwe? Zimenezo ndiye ayi ndithu.

Chomwe chikundiwawa kwambiri si akomiti ayi. Ndinu. Ndikudziwa kuti chipongozi n'chovuta, ndipo sindikufuna kukusokonezerani banja. Koma mukanangondifunsa kuti, "Mlongo wanga, unaponya mowongoka?" ndikanakuyankhani mosaphethira.

Amayi akupereka moni. Mwendo uja ukupezako bwino, koma akuti musaiwale mankhwala opaka aja. Moni kwa alamu, muwauze kuti ndilibe nawo chifukwa.

Muenvelopumu mupezamo wenzulo yanu ija munandipatsa tsiku lomwe ndinayamba kuimbira. Ngati mukuti inali basiketi, isungeni, sindidzaifunanso. Ngati ayi, basi ya Lachisanu ilipo. Mubwere nayo nokha, mudzaime pambali panga.

Ine mlongo wanu,
Kate