Sefa ya Amayi ku Situdiyo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chikwawa dzuwa likuotcha mwa masiku onse, koma amayi ayamba kupezako bwino mwendo uja.

Seva yosungira zithunzi munatumiza ija tailumikiza ku intaneti Lachiwiri! Lolemba ndinawaimbira amayi kuti, "Mawa kudzabwera mmisiri wa seva ku situdiyo, mudzaonerere." M'mawa mwake anatsika minibasi ya kwa Makhuwira atanyamula sefa yawo ya ufa. "Paja unati kukufunika sefa?" Mmisiri anaseka mpaka anatsika pa makwerero, waya ali m'manja.

Tinyali ta rauta, kabokosi kobweretsa intaneti, titayaka, ndinatumiza zithunzi za ukwati kwa kasitomala wa kwa Ndamera, ndipo zinafika mmisiriyo asanapinde makwerero ake. Sevayo ndaiika pa shelefu yapamwamba, madzi osefukira asadzatilandenso zithunzi za eni ake.

Tsono lowani mu sevayo ndi pasiwedi ndakutumizirani pa foni ija. Chithunzi choyamba ndi cha amayi, aima pambali pa seva, sefa yawo ili pachifuwa. Akuti muikemonso chanu, ati nkhope yanu ayamba kuiiwala.

Takhuta, zikomo kwambiri, achimwene. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati