Za Botolo Lomwe Bambo Akumwa

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chipinda changa chikudontha pakona, ndipo mwini nyumba amangolonjeza.

Chandilembetsa ndi nkhani ya bambo. Amayi anandiuza mobisa pafoni kuti bambo asiya mapiritsi a kuchipatala, akumwa madzi a m'botolo omwe alamu, amuna anuwo, amakatenga kwa mnzawo wina. Akuti madziwo amatsegula zitseko za maselo kuti mafuta achoke m'magazi. Chimvereni zimenezi, mtima wanga sukukhazikika.

Paja ntchito yanga ku labotale kuno ndi yoyang'ana maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi. Selo lilibe chitseko, achemwali. Pakhungu pake pali timbedza tokola mafuta. Tikakola, khungulo limalowa m'kati ngati kadzenje, chifukwa kunsi kwake mapuloteni otchedwa klathirini amalukana ngati dengu n'kumalikoka. Kenako kukamwa kwa kadzenjeko kumatsekeka, kathumba n'kuduka, n'kulowa m'selo ndi katundu wake. Dengu lija limamasuka kuti likalukidwenso pena. Mukumbuka adokotala anati bambo anabadwa ndi timbedza tochepa, n'chifukwa chake mafuta amawatsalira m'magazi. Mapiritsi aja amathandiza maselo kupanga timbedza tambiri.

Ndinapempha nambala ya wogulitsayo kwa amayi, n'kumuimbira ngati wofuna kugula. Ndinamufunsa ngati mankhwala akewo ali ndi klathirini. Anayankha mosajejema kuti alimo wambiri, wochokera kunja, ndipo wamphamvu kwambiri ali m'botolo lalikulu. Chinthu choti selo limapanga lokha! Nditafunsa komwe amapangira mankhwalawo, anati sakundimva bwino. Koma foni isanaduke ndinamva munthu akuseka pambali pake, kuseka kothera m'kutsokomola kuja. Kuseka kumeneko inu mumakudziwa kuposa ine.

Mwina makutu anandinamiza. Mwinanso alamu nawo apusitsidwa. Sindikufuna kukusokonezerani banja, koma sindikumvetsa chifukwa chake salola wina aliyense kukatenga botololo, kapena chifukwa chake analetsa amayi kundiuza.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite nawo bambo kuchipatala sabata ino, inuyo osati wina, akayezetse magazi, ndipo botololo mulitenge kuti adokotala akalione. Bambo akavuta muwauze kuti ndine ndaumirira, akwiyire ine. Kukwiya kwawo ndipirira, bola akhale moyo.

Mundiperekere moni kwa bambo ndi amayi, kwa azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Alamunso muwapatse moni wanga. Muwauze kuti ndinacheza ndi mnzawo uja pafoni, ndipo pouza muziwayang'ana nkhope.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumati Kafunsefunse