Amazimitsa filimu isanathe

Aphungu,

Mtima wanga uli m'mwamba, ndipo Loweruka layandikira. Ndine nesi kuno ku Walsall, ku England. Amuna anga, a Vincent, ananditsatira mu 2003. Ndi munthu wofatsa, woti kumudzi nkhuku yomwe ankachita kupempha ena kuti awaphere.

Mchemwali wawo Mildred anamwalira ku Balaka patangotha chaka ife tili kuno, ndipo kumaliro sitinapiteko. Aliyense amadziwa kuti mwamuna wake, Albert, anamumenya, koma ankhoswe anagwirizana zoti anagwa, nkhani n'kuthera pompo.

Mwezi watha, kumapemphero a Amalawi ku Smethwick, tinangoona Albert yemweyo ali mukwaya. Akuti wabwera kudzaphunzira. Potuluka anawagwira chanza a Vincent ndi manja awiri, amvekere, "Alamu, tiziyenderanatu, we are family." Amuna anga anangoti zikomo.

Sabata yomweyo anabwereka kwa mnzawo DVD ya filimu ya ku Korea, ya munthu amene akusakasaka yemwe anamuphera m'bale wake. Ndikaweruka masana ndimawapeza ali pomwepo. Ine magazi ndimawaona tsiku ndi tsiku, koma filimuyi ndinalephera kuyang'ana. Ikafika pamene munthuyo wagwira mdani wake, amabweza, kubwezanso, kenako n'kuzimitsa. Nditafunsa chifukwa chake safika kumapeto, anati, "Kwatsalako kulibe ntchito."

Tsono akomiti ya chikondwerero cha 6 July, chomwe chichitike Loweruka likubwerali, awaika amuna anga ndi Albert powotcha nyama, ati poti ndi pachilamu! Dzulo ndapeza mpeni watsopano m'chikwama chawo cha kuntchito. "Ndi wa nyama, amake Zoe," anatero osandiyang'ana. Mayi Dorothy, mkulu wa amayi kutchalitchi, angondiuza kuti za kumudzi tizisiye kumudzi. Ndikuopa, aphungu. Ndichite chiyani?

N.C., Walsall

Mayi N.C.,

Mantha anuwo ndi oona, musawanyoze. Ndipo Mayi Dorothy alakwitsa: za kumudzizo zinakwera ndege, zikuimba kwaya ku Smethwick.

Loweruka musapiteko, inu ngakhale iwo. Imbirani wapampando wa komiti lero lomwe, mumuuze chifukwa chenicheni, osanamizira kuntchito. Anthuwo aona chilamu chifukwa palibe amene wawauza za Mildred. Mpeniwo uchoke m'nyumba, ndipo muwauze amuna anu pamaso kuti mwauchotsa ndinu.

Filimuyo musalimbane nayo. Si iyo yawapatsa mkwiyo, yangowapeza nawo. Khalani pambali pawo, rimoti ili m'manja mwanu, muonere limodzi mpaka mayina atuluke. Ambiri mwa mafilimu otere samuleka wobwezerayo akuseka. Amatha ali yekhayekha, manja ali magazi, womwalira uja osadzuka. Amuna anu akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake amathamangira kuzimitsa.

Kenako tchulani dzina la Mildred. Munthuyu sanaponye dothi pamanda a mlongo wake, sanalire ndi abale ake, ndipo tsopano akumuuza kuti awotche nyama ndi amene akumuganizira kuti anamupha. Pezani bambo amene iwo amamulemekeza, kaya abusa kaya mnzawo wakale, akhale nawo pansi. Auzeninso dokotala wawo, inu njira zake mukuzidziwa kuposa ine. Ngati banja likufuna chilungamo, pali maloya ndi apolisi, kuno ndi kwathu komwe. Ndipo konzani zoti akafike ku Balaka, akaone manda, akamange chiliza.

Chenjezo langa ndi ili: akatuluka ndi chida, imbirani apolisi pa 999 nthawi yomweyo, osayamba mwaganiza zoti Amalawi anzanu anena chiyani. Bola akukwiyireni chaka chathunthu ali pakhomo. Apongozi anu ku Balaka anaika kale mwana mmodzi m'manda. Wachiwiriyu asamakamumvere pafoni ali kundende ya ku England.