Chiboliboli Chamkuwa cha ku Denmark

Mwana wanga Tadala,

Ndikhulupirira uli bwino ku Denmark. Kuno ku Thambani tilipo, bondo la bambo ako lasiya kuwawa.

Chithunzi unatumiza chija, utagwira dzanja la chiboliboli chamkuwa pakati pa tauni, ndinachionetsa kumsika. Azakhali ako anangoti, "Alamu, mwana wanuyu wakhwima. Akupembedza fano, n'chifukwa chake mwakhoma malata."

Ndinawayankha anthu akumva: "Malatawo agulidwa ndi manja ake, amene amasambitsa nkhalamba kuntchito tsiku ndi tsiku. Chiboliboli sichinasambitsepo munthu."

Azakhali akowo sakundipatsanso moni. Zawo zimenezo!

Chonde upitenso pomwepo, ukajambulitse ukumwetulira kwambiri. Chithunzicho ndidzachipachika pabalaza, moyang'anizana ndi mpando umene azakhali ako amakhalapo.

Mulungu akusunge.

Ndine mayi ako.