Madayodi Amene Sindinaike

14 Okotobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lilibe vuto, koma mtima ayi. Nkhani ndikulembayi sindinauze munthu, ngakhale mayi a kunyumba kuno.

Paja ndinakuuzani kuti kufakitale tikukonzanso bokosi loyendetsa macheka odulira matabwa. Abwana anandipatsa ntchito yosankha khadi yotumiza magetsi ku makoyilo a marileyi, amene amayatsa ndi kuzimitsa mota. Makhadi analipo awiri. Ina inali ndi chitetezo m'kati mwake, koma yodikira milungu itatu. Inayo inali pashelefu pomwepo. Abwana nawo osandipatsa mpata, m'mawa uliwonse, "Amisiri, makinawa agona mpaka liti?" Basi ndinatenga yapashelefuyo.

Mphamvu imene koyilo iliyonse imakoka ndinawerengera bwinobwino, khadiyo inkakwanitsa. Koma koyilo ikamazima imabweza magetsi ngati bulu woponya mateche, ndiye pamafunika dayodi yoteteza khadi. Ndinkadziwa, achimwene, musati sindinkadziwa. Madayodiwo anali m'thumba la ovolosi yanga. Ndinati ndiika Lolemba. Lolemba linadutsa, makina akuyenda, ine n'kuiwala.

Lachinayi lapitali khadi inapsa m'kati, n'kusiya rileyi itagwira. Woyendetsa makina, bambo wofatsa amene timamutchula kuti Wamtali, anadina batani lozimitsa. Mnzake analowetsa dzanja kuti achotse thabwa lomwe linakakamira. Macheka sanaime. Zala zitatu, achimwene! Kukuwa kwake ndikukumvabe.

Anthu atathamangira kuchipatala, ine ndinatsala ndekha pabokosi paja. Ndinachotsa khadi yopsayo, n'kuika ina, madayodi onse n'kumangirira. Sizinanditengere ndi ola lomwe. Abwana atabwera kudzayesa, batani linagwira ntchito bwinobwino. Pano fakitale yonse ikuti Wamtali sanadine, akunama. Amuimitsa ntchito, ndipo Lachisanu akamva mlandu wake. Akapezeka wolakwa, ntchito yatha, mwinanso nkhani ipita kupolisi.

Dzulo Wamtaliyo anabwera kuwekishopu, chipewa chili m'manja. Anati, "Amisiri, za mawaya mumazidziwa ndinu. Kodi sizitheka batani kukana kamodzi kokha? Ine ndinadina ndithu." Ndinamuyankha kuti ndiona. Anandithokoza, achimwene, mpaka kundigwira dzanja ndi manja onse awiri. Ndinachita manyazi oti sindinachitepo chibadwire.

Lachisanulo andiitana ngati mboni. Ndikufuna ndikanene zonse, koma ndisakunamizeni, ndili ndi mantha. Ndikanena, palibe adzandikhulupirirenso pa mawaya, ndipo ana anga adya chiyani? Ndikakhala chete, ana a Wamtali nawo adya chiyani?

Ngati kachipinda kanu kakuseri kalibe munthu, musakapereke kaye. Moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ndili bwino, zinazi ndidzawauza ndekha ngati pakamwa panga pakatseguke Lachisanu.

Ndine mng'ono wanu, ngati mukundivomerabe.