Mlamu Ali Patsogolo pa Mfuti Yanga

Okondedwa apongozi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Msana uja unaleka? Nanga kamdzukulu kanu, mano ayamba kutuluka? Ine kuno thupi lili bwino, koma chakudya sichikulowa.

Pepani kuti ndalembera inu m'malo molembera amake mwana. Akuyamwitsa, nkhani iyi ingawaumitse mkaka.

Kuno tinakumba maenje pachitunda, tikudikira adani. Ine ndimagwira mfuti yachiwaya. Mwina mumayesa msilikali amangoombera paliponse. Ayi. Sajeni wathu anandikhomera zikhomo ziwiri, china kumanzere china kumanja, ndipo mfuti imayenda pakati pa zikhomozo basi. Pamene yanga yalekezera, ya mnzanga imayambira pomwepo. Tonse timayamba limodzi wezulo ikalira.

Mlamu wanga, chitsirizira wanu uja, anamuika kutsogolo, m'kadzenje kolondera kuseri kwa waya waminga. Anamusankha chifukwa cha liwiro, paja kuno amamutcha Njinga. Akaona adani ayenera kudziwitsa akuluakulu pa wailesi, kenako kuthamanga kubwerera kwa ife. Njira yake imadutsa patsogolo pa mfuti yanga. Akapitirira chikhomo chakumanja ndiye kuti wapulumuka. Koma adani akafika pawaya, wezulo sidikira munthu.

Apongozi, mwana wanu wavulala mwendo ndipo akubisa. Anagwa atasenza thumba la mchenga. Pakakolo patupa, akumangapo nsanza, jombo sakumanganso zingwe.

Dzana tinayeserera popanda zipolopolo. Wezulo inalira iye ali pakati penipeni, akutsimphina. Chifuwa chake chinali pamphuno pa mfuti yanga. Ndinakoka chala monga mwa lamulo, mfuti n'kungoti khe! Ndinasanza m'dzenje momwemo. Iye anauza akuluakulu kuti anangokodwa ndi waya.

Ndinakauza sajeni zoona zake. Atamuitana, mwana wanu analumphalumpha pamaso pawo uku akuseka, eti mlamu wake wasanduka nkhuku yofungatira chibadwireni mwana. Onse anaseka. Pambuyo pake ndinamupeza kuseri kwa galimoto ya madzi atagwira mwendo, thukuta lili kamukamu. Anati njinga yangophwa mpweya, mawa ipopedwa. Anatinso akachokapo aikapo mnzake wina wonenepa wosatha kuthamanga, ndiye afe munthu chifukwa cha kakolo?

Usiku ndinazula chikhomo chakumanja chija n'kuchisuntha pang'ono, kuti njira yake yoopsa ifupike. Sajeni anazindikira m'mawa mwake. Sanandikalipire. Anandigoneka pamfuti n'kundionetsa mpata umene ndinatsegula, kakhwawa kolunjika kumaenje a anzathu a kumanja. Anati adani adzalowera pamenepo, ndipo m'maenjemo mulinso abambo a ana. Anachibwezera pamalo pake, n'kuchikhoma ndi mwala mpaka pansi. Sanalakwe.

Ndiye ndagwira mwendo wanu, apongozi. Ine sandimvera, akuti ndine mlamu chabe. Inu amakuopani mpaka lero. Lamlungu amatibwezera mafoni masana. Muimbireni. Musamunyengerere, mukalipireni monga munachitira tsiku lija anabisa bala la galu. Muuzeni apite kwa dokotala, avule jombo, aonetse mwendo. Akatero amuchotsa kutsogoloko, aikako wa miyendo iwiri.

Akafunsa wakuuzani ndani, nenani kuti ndine. Adane nane moyo wake wonse, bola moyowo ukhalepo.

Wezulo ikadzalira ndikapanda kuombera, anzanga atha. Ndikaombera, ndidzalowa bwanji pakhomo panu? Mwana wanga akadzafunsa za amalume ake, ndidzayang'ana kuti?

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa amake mwana, muwauze kuti ndikunenepa. Kamwanako mukafungatire m'malo mwanga. Foni muitchaje Loweruka, chonde, isadzathe moto.

Ndine mkamwini wanu,
Bambo wa kamdzukulu kanu