Tsitsi Langa ndi Masamu a Tarisai

Sakubva, Mutare
9 Okutobala 2023

Okondedwa achemwali anga a Nachisale,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Ntcheuko. Cholembera agwira ndi a Mthunzi, mlembi wa mpingo wathu, koma pakamwa ndi panga, ndipo ndawauza kuti asakometse kanthu.

Amene anayamba kundiuza za DNA ndi Goodson, uja amayendetsa thiraki pa chipata cha malire cha Forbes. Tinali pa bawo, ine ndikudzitama kuti mwana wanga Tarisai amupatsa upulofesa wa masamu ku Canada, ndipo masamu akewo ndi a DNA. Goodson anati (paja kuno nkhalamba amatitchula Sekuru), "Sekuru, DNA si ija ya pa TV? Amangotenga tsitsi limodzi kapena malovu a pakapu, basi adziwa kuti mwana ndi wa yani. Azibambo akulira ngati makanda!" Onse anafa nacho chiseko. Ine nkhomo zinandipulumuka m'manja.

Chifukwa chake mukuchidziwa ndinu nokha. Malemu Evah ndinawakwatira ali ndi pathupi pa kapitawo uja anathawa. Munandiuza kawiri konse kuti ndimuuze mwanayo, ine n'kumati mawa. Mawa lakelo lakwana zaka makumi anayi.

Ndiye ndinayamba kukumbukira. Digiri yoyamba ku Harare, nthawi ija anatichotsa pafamu ku Odzi mabulangete ali pamutu. Yachiwiri ku Joni. Udokotala kozizira kuja, kenaka n'kumasamukasamuka pa ntchito za zaka ziwiriziwiri, kulemba mapepala, ena n'kumamubwezera, iye n'kulembanso. Mumtima ndinati, kodi mwana ameneyu wazunzika chonchi pofunafuna bambo ake enieni?

Mwezi wathawu anabwera. Yunivesite ina konkuno inamuitana kuti adzayankhule za ntchito yake, ndipo ankafuna kuti ine ndikakhale mpando wakutsogolo. Achemwali, zimene ndinachita ndi zamanyazi. Kapu yanga ndinkatsuka ndekha ndi phulusa n'kuitsekera m'sutikesi. Mswachi ndinkayenda nawo m'thumba la jekete. Tarisai atati andimete, ndinakana, mutu uli ngati tchire. Tsitsi lotsalira m'chipeso ndinkakaliwotcha kuseri kwa nyumba.

Fungo la tsitsi silibisika. Mai Vongai oyandikana nafe anasuzumira pampanda n'kunena mokweza kuti, "Sekuru kale sankatero ayi. Zayamba mlendo atabwera." Pofika Lachinayi, azimayi a pampopi anali atasiya kumuyankha moni Tarisai, ati maphunziro otere sabwera okha. Ine ndinazimva, koma sindinamuikire kumbuyo.

Lachisanu masana ndinapeza chikwama chake chili pakhomo. Anati, "Bambo, ndikukagona kwina, ku Darlington m'tauni muno. Koma nenani ndi pakamwa panu. Mukundiyesa mfiti?"

Pamenepo ndinaona kuti mwana ndinkaopa kumutayayo ndikumutaya ndi manja angaanga. Ndinaulula zonse, za kapitawo, za Goodson, za kapu.

Anakhala pachikwamapo, kuseka ndi kulira pamodzi. "Amayi anandiuza tsiku lija tinkachoka pafamu. Ankati mwina tifera panjira. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti mundiuze nokha."

Kenaka anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi. "Mukukumbukira mwambi wanu uja? Zigafa za fodya zisanu ndi ziwiri, thirakitala imodzi, chigafa chilichonse ifikepo kamodzi, idzere kuti?" Ndinakumbukira, inde. Ndinkamufunsa ali kamtsikana kuti asandisokoneze pa ntchito.

"Mwambi umenewo ndikadali nawo," anatero. "Zigafa zikakhala zikwi, ndi kompyuta yomwe imatopa. Ndiye timatenga timaulusi ta DNA topangidwa kufakitale. Kalikonse kamamatirira kwa mnzake yekha woyenera. Kena kaimira chigafa, kena kaimira msewu. Mukatithira m'madzi timalumikizana tokha, njira zonse n'kupangika nthawi imodzi, ndiye n'kusefa ngati ufa kuti itsale yoyenerayo. Ine ngakhale botolo sindigwira. Ntchito yanga ndi kutsimikiza papepala kuti masamuwo sanama. Tsitsi la munthu ndilitani?"

Anatulutsa buku lake n'kuloza pachikuto. Kuwerenga sindidziwa, koma chilembo chopindika ngati zenga chija ndimachidziwa, choyamba pa dzina lathu la Chisale.

"Mapepala anga onse ali ndi dzina limeneli," anatero. "Koma mwandipweteka, bambo. Anthu anditchula mfiti inu mukumva."

Anagona pakhomo pano, koma chikwama sanamasule.

M'mawa mwake ndinanyamula mpando n'kukauika pabwalo, pafupi ndi mpanda, nthawi imene azimayi amapita kumpopi. Ndinamuitana n'kumupatsa sizasi. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anayamba kundimeta. Mai Vongai anaima ndi ndowa yawo, anzawo nawonso anaima. Atamaliza, anasesa tsitsi lonse n'kuliunjika pamodzi.

"Ndikatenge machesi?" anafunsa.

Ndinakweza mawu kuti a pampanda amve. "Lisiye pomwepo, mwana wanga. Mbalame zikamangire zisa."

Achemwali, mundikhululukire kuti sindinakumvereni kalelo. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mukapita kumudzi mukawauze kuti kwa Chisale kuli pulofesa, ndipo akafunsa kuti ndi mwana wa yani, muwayankhe osatsitsa mawu. Chilembo chili pansipa ndalemba ndi dzanja langa.

Ndine mlongo wanu,
Bizwick, bambo ake a Tarisai

C